Mawu Onunkha Usipa

Pa ntchito zonse zimene ndagwirapo moyo uno, ya uphunzitsi ndi yokhayo imene ndinalowa popanda wondilemba, ndiponso ndi yokhayo imene sindinadyepo kanthu. Ntchito yanga yeniyeni inali ya usipa. Ndinkagula wouma kwa asodzi kumunsi kwa Mtakataka, n'kuukweza pa njinga imene buleki yake inali chidendene changa, ulendo wa pa siteshoni ya Golomoti tsiku lodutsa sitima. Pakamwa ndiye ndinali napo. Munthu ndinkamuuza kuti usipa wa mwezi watha wachoka pathandala dzana, iye n'kugula, n'kundithokozanso pochoka. Wonyezimira pamwamba, wofumbwa pansi, ndipo dengu silikhuthulidwa pamaso pa anthu. Katekisimu wanga anali ameneyo, ndipo ndinkamudziwa bwino kuposa wa kutchalitchi.

Zimene ndikunenazi zinachitika patapita zaka zowerengeka chithereni njala ya fote naini. Njala ija inatisiyira manda ambiri ndi akazi ambiri opanda amuna. Mmodzi mwa akaziwo anali achemwali anga, amene ndinawaponda pamutu. Alamu anachoka njala ili pakati, akuti akukafuna ntchito ku Halale, ndipo anatchona. Anasiya ana atatu ndi kamunda ka thonje kobereka mochita kupemphedwa. Woyamba mwa anawo anali mtsikana. Amalume athu aakulu anali atapita ndi njala yomweyo, choncho umalume unagwera ine, munthu amene ngakhale nkhuku ndinali ndisanawetepo.

Mtsikanayo anali ndi zaka zoti akanakhala atayamba kale sukulu, koma thupi linali la kamwana. Njala inam'peza pa msinkhu wokula, kenaka chikuku chinabwera kudzamalizitsa. Anadzuka pamphasa ali timiyendo ngati bango, mutu wokha waukulu. Koma ulemu! Amayi a m'mudzi ankatchula iyeyo akafuna kunyoza ana awo. Ukamuitana ankabwera pang'onopang'ono, n'kugwada chapatali, nkhope ili pansi. Chinthu ankalandira ndi manja awiri. Munthu wamkulu sankamuyang'ana kumaso, ngakhale ine amene ana ena onse ankandikwera pamsana.

"Mwana woleredwa ndi ameneyu," ankatero amayi pachitsime.

Ine ndinkavomera ndi mutu ngati ndinamulera ndine.

Tsiku lina ndikupumula pakhonde pawo, achemwali anandiuza kuti mwanayo achoka. Kalaliki wina wa njanji, wa pa siteshoni pomwepo, anali atamusamutsira ku Limbe, ndipo mkazi wake ankafuna kamtsikana kokalera khanda. Anali atamuona kale mwanayo, n'kukondwa ndi ulemu wake. Ulendo unali woti mvula yoyamba ikangogwa.

"Mwana wa mbumba yanga akakhale wochapa matewera ku Limbe, ine ndili moyo?"

"Uli moyo pa njinga," anatero achemwali, akusankha thonje osandiyang'ana. "Pano umangofika ngati mlendo. Kumeneko akadya. Kuno adya chiyani, pakamwa pakopo?"

"Alowe sukulu. Chakudya chake chizichokera m'dengu langa."

"Iwe, zisiye. Zimene ndakonzazi ndakonza ndikudziwa."

Mawu amenewo ndinawamva, koma ndinawamva monga ndinkamvera wogula akati alibe: poyambira kunenerera. Ndinalimbikira mpaka thonje la m'lichero linatha. Pomaliza achemwali anausa moyo.

"Chabwino. Akamulemba mvula isanagwe, akhala. Koma sakamulemba."

Sukulu yake inali kanyumba kaudzu ka mishoni, kamene Lamulungu kankasanduka tchalitchi. Aphunzitsi anali bambo wa kufupi ndi ku Mua, wophunzira kuyambira kwa makolo ake, wa kabudula woyera wosita bwino ndi masokosi ofika m'mawondo ngakhale dzuwa la kuno likuswa mitengo. Masiku amenewo mwana sankafunsidwa chaka chobadwa, chifukwa ndani ankachidziwa? Ankayesedwa ndi khutu. Akweze dzanja lamanja, lidutse pamwamba pa mutu, likagwire khutu lamanzere. Lafika, walowa. Silinafike, akakule kaye.

Mwanayo anakweza kamkono kake. Zala zinathera m'tsitsi, khutu likadali kutali. Anadzikoka mpaka kuimirira ndi zala za kumapazi, ngati zimenezo zithandiza. Ine ndinasendera ngati ndikumuchotsa kachitsotso, n'kumupendeketsa mutu pang'ono.

"A usipa," anatero aphunzitsi, "chotsani dzanja pamutu pa mwana. Si sikelo ya thonje imeneyo."

"Aphunzitsi, mwanayu ndi wamkulu. Anabadwa nkhondo isanathe. Khutu lake ndi limene lili patali."

"Khutu lili pamalo pake. Mkono ndi umene wafupika."

"Ndiye inu mumaphunzitsa mkono kapena mutu?"

Anaseka pang'ono, koma sanasunthe. Anati abambo a ku mishoni akabwera pa njinga yamoto kudzayendera sukulu, tiana tochepa thupi amatibweza, ndipo wokalipiridwa amakhala mphunzitsi. Ndinatchula kampango wina wamkulu amene ndinati akundidikira kunyanja. Anati kampango amamukonda, koma sagwira khutu. Ndinatchula njala, ndinatchula alamu otchona, ndinatchula Limbe ndi matewera. Apo ndiye anayang'ana mwanayo ali chigwadire pakhomo.

"Anzake afika kale patali," anatero. "Mawu a pa tchati icho amaliza. Akabwera akuwerenga amenewo, ndikhala ndi chowauza abambo. Ndimulemba."

"Mwanena nokha, aphunzitsi."

"Ndanena ndekha. Amuphunzitse ndani, inuyo?"

Pamenepo anaseka zenizeni.

Anali ndi chifukwa chosekera. Ine sukulu ndinaisiyira mu Sitandade Wanu, nditaona kuti ba be bi bo bu alibe msika. Koma kuwerenga ndinkawerenga, m'njira yangayanga. Mawu a pa zitini, pa matumba ndi pa mabogi a sitima sindinkawaphwanya m'timagawo ngati ana a sukulu. Ndinkawadziwa monga umadziwira munthu akamatulukira patali: suyamba wawerenga mphuno, makutu ndi mano, umangoti uyo ndi uje, wokonda kulawa osagula uja. Ndiye ndinati mwanayu nthawi yoimba ba be bi alibe. Ndimuonetsa mawu athunthu, aziwadziwa nkhope.

Ndinakapempha makatoni akale ku sitolo ya mmwenye pa Golomoti: la sopo, la machesi, la tiyi, la makandulo. Ndinawadula ndi mpeni wanga wa nsomba, ndipo mpeni wa nsomba sudziwa mzere. Khadi lina linatuluka lalitali, lina lonenepa, lina lodyeka pakona. Pa lililonse ndinalemba liwu limodzi la pa tchati chija ndi pensulo yonyambita, mpaka lilime langa linasanduka ngati ndadya nthudza: mayi, madzi, moto, mbuzi, galu, nyumba, khasu, ndi ena otero. Posowa posungira ndinkawaika pamwamba pa dengu, ndipo mafuta a usipa anawalowerera, lina pakati, lina m'mbali.

Tinkaphunzira masana ndikabwerako ku malonda, kuseri kwa nkhokwe imene inali isanaone chimanga chichokereni alamu. Ine pa mtondo wogubuduza, iye atagwada patsogolo panga. Ndinkamupatsa khadi, iye n'kulandira ndi manja awiri monga mwa khalidwe lake, n'kulisendeza pafupi ndi nkhope, mutu uli pansi, chala chachikulu chikuyenda m'mphepete.

"Awa ndi a mbuzi," ndinatero tsiku loyamba. "Uwaone bwino. Mawa ukakumana nawo uwapatse moni."

M'mawa mwake ndinamupatsa khadi lomwelo. Analitembenuza kamodzi.

"Mwaswera bwanji, a mbuzi?"

Ndinaseka mpaka kugwa pa mtondo. Iyenso anaseka, kakuseka kobisa m'manja, ndipo ndinazindikira kuti chidwalire chikuku ndinali ndisanamumve akuseka. Kuchokera tsiku limenelo mawu onse anakhala anthu aulemu wawo. A madzi, a moto, a khasu. A galu ankawakonda kwambiri, ankati ndi ofewa.

Mwanayo anali ndi mutu, zimenezo palibe angandilande. Liwu ankalimva kamodzi, basi lakhala. Ine ndinali wochenjera, musaiwale. Ndinkadziwa kuti ana a sukulu amaloweza ndondomeko, ukawalozera pakati pa tchati amayambira pamwamba. Ndiye makhadi ndinkawasakaniza ngati a njuga, ndipo njuga ndinkaidziwa. Kuseri kwa siteshoni kunali anyamata okanda makhadi ndi chikhadabo kuti aziwazindikira chakumsana, ndipo ine ndinali mmodzi mwa anthu ochepa amene sankaberedwa kumeneko. Ndinkasakaniza, kudula, kusakanizanso, kusolola la pakati. Sankaphonya.

Achemwali ankadutsa ndi mtolo wa nkhuni kapena ndowa, n'kuima pang'ono. Sanayamikirepo ngakhale kamodzi.

"Zikatoni zakozo zithere kuseri konkuno," anandiuza tsiku lina. "Usapite naye pagulu."

Kumuuza wamalonda kuti katundu wabwino amubise kuseri kwa nkhokwe! Tsiku la sitima lotsatira ndinamukweza mwanayo pa njinga, pamwamba pa dengu. Pa siteshoni ndinayala chiguduli, ndinamugwaditsa, ndinayamba kuitana anthu monga ndinkaitanira a usipa.

"Bwerani muone! Mwana wosagwira khutu, wosaponda m'kalasi, koma akuwerenga ngati kalaliki! Sankhani nokha khadi, bambo, musati ndakuberani!"

Anthu anaunjikana. Wina ankasolola khadi, kumupatsa, iye n'kulandira ndi manja awiri. A nyumba. A moto. A mayi. Amayi ena anaimba nthungululu, bambo wina anamupatsa nzimbe, ndipo usipa tsiku limenelo unatha mpaka wapansi womwe. Mkazi wa kalaliki uja analinso pomwepo, khanda kumsana, ambulera m'manja.

"Mwaona, mayi?" ndinatero. "Ameneyu si wa matewera. Yambani kufunafuna wina."

"Tiona, a usipa. Amayi ake anandilonjeza kale."

"Bwerani Lamulungu mapemphero akatha. Mudzaone akulembedwa."

Za Lamulunguzo zinali nzeru zanga. Aphunzitsi ankafuna kumuyesa tsiku la pakati pa sabata ana ataweruka, atatu tokha. Ine ndinakana. Ndinali nditaonapo anthu ambiri akubweza mawu pamalo popanda mboni, ndiye ndinati zichitike anthu akuona, asadzapeze pothawira. Aphunzitsi anakweza mapewa, nati zili kwa ine.

M'mawa wa tsikulo kunali kotentha kuyambira dzuwa lisanakwere, mitambo itaunjikana kumapiri a ku Dedza koma osagwetsa kanthu. Ndinapeza achemwali atamusambitsa mwanayo, koma atamukhazika m'nyumba.

"Usapite naye," anatero. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. "Ndakupempha, mlongo wanga. A kalaliki anyamuka posachedwa. Musiye apite mwakachetechete."

"Mukuopa kuti ndipambana."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pakuyenda ngati munthu wofuna kulavula kanthu kowawa. Kenaka anayang'ana anthu amene anali kudutsa panjira kupita ku mapemphero, n'kutseka pakamwa. Ndinamunyamula mwanayo.

Mapemphero atatha palibe anatuluka. Ngakhale anthu osapemphera anabwera, n'kumasuzumira m'mazenera. Mkazi wa kalaliki anakhala kutsogolo pa benchi. Achemwali anafika mochedwa, anaima panja pafupi ndi chitseko. Aphunzitsi anapukuta bolodi, n'kulemba ndi choko zilembo zazikulu zooneka bwino: madzi. Ine mumtima ndinati mwayamba ndi ophweka.

Mwanayo anagwada pakati, nkhope pansi, manja awiri atatambasula. Ankadikira kulandira.

"Imirira, mwanawe," anatero aphunzitsi. "Yang'ana pa bolodi, utiwerengere."

Anaimirira. Anatembenukira kumene kunachokera mawu a aphunzitsi, osati kumene kunali bolodi. M'nyumbamo munangoti zii, khanda la kalaliki lokha likuyamwa.

"Amalume," anatero motsitsa, "mundipatse ndiwagwire."

Ndinalumphira pakati. "Aphunzitsi, choko n'choyera, mwanayu anazolowera za pensulo. Komanso kalembedwe kanuko n'ka ku Mua, kali ndi michira yambiri. Tsitsaniko pang'ono."

Anthu anaseka. Aphunzitsi sanaseke, koma anali munthu woleza. Anatenga sileti, analemba liwu lomwelo mosapotoza, n'kumupatsa m'manja. Mwanayo analandira, anayendetsa chala m'mphepete mwa thabwa, anasendeza sileti kumphuno. Chala chinadutsa pakati n'kufufuta choko.

"Awa sindikuwadziwa."

"Ndi manyazi chabe," ndinatero. "Anthu achuluka. Taonani izi." Ndinasolola makhadi anga m'thumba, ndinasakaniza mwaukatswiri, n'kuyamba kumupatsa. A khasu. A galu. A madzi. A nyumba. Mawu ake anabwerera, anthu anayamba kung'ung'udza mondivomereza, ndipo ine ndinatembenukira kwa aphunzitsi manja ali m'chiuno.

Aphunzitsi anatambasula dzanja. Ndinawapatsa makhadiwo. Anasankha limodzi, analiyang'ana, n'kulitembenuza chadodolido, zilembo kuloza pansi, kumsana kokhala chithunzi cha sopo kuloza kumwamba. Anamupatsa chomwecho.

Chala chinayenda m'mphepete, chinapeza pakona podyeka.

"A mbuzi."

Aphunzitsi anatembenuza khadilo kuti anthu aone. Analidi a mbuzi. Wina kumbuyo anati, "Matsenga!" Ena anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa masewera amenewo ndinkawadziwa, ndinkawaona tsiku lililonse kuseri kwa siteshoni. A mbuzi anali odyeka pakona, onunkha sopo. A galu anali ofewa chifukwa anamwa mafuta ambiri. A moto anali katoni la machesi lokhakhala. Mwanayo anali ataloweza mpeni wanga ndi dengu langa. Zilembo zanga zonyambita zija anali asanazionepo n'kamodzi komwe.

Akazi a aphunzitsi, amene asanakwatiwe ankagwira ntchito ku chipatala cha ku mishoni, anadzuka pa benchi. Anagwada patsogolo pa mwanayo, anamugwira chibwano n'kumudzutsa nkhope. Mwanayo anakana, anafuna kuweramanso, koma mayiwo anagwiritsa, n'kumutsegula zikope ndi chala, atamulozetsa ku kuwala kwa pazenera.

Ine nsomba yaiwisi ndimayamba kuiyang'ana m'maso ndisanafunse mtengo. Diso likachita mtambo, ndimadziwa kuti yagona, ndimapitirira. Maso a mwana wa achemwali anga ndinawaona tsiku limenelo koyamba chidwalire chake. Lamanzere linali loyera lonse. Lamanja linali ndi mtambo pakati, kambali kochepa kokha katatsala kakuda.

"Mwanawe, ukundiona?"

"Ndikuona mpango wanu, mayi. Ndi wofiira."

"Nanga nkhope yanga?"

Mwanayo anayesa kuweramanso.

"Zinayamba liti?"

"Nditadzuka chikuku."

Mkazi wa kalaliki anaimirira, n'kumangitsa nsalu ya khanda lake. "Ndiye khanda langa ndikanamusiyira ameneyu? Pafupi ndi mbaula? Anthu inu mulibe chisoni." Anatuluka, anadutsa achemwali pakhomo osawapatsa moni.

Kumbali ya amayi manong'onong'o anali atayamba kale. Kwathu kuno ankati mwana akadwala chikuku, makolo adzisunge mpaka achire, apo ayi matenda amalowa m'maso. Tsono bambo wa mwanayu anali ku Halale. Funso limene linkayenda pa mabenchi ndinalimva bwinobwino: nanga analowa m'nyumba mwa achemwali ndani? Achemwali analowa m'tchalitchimo, anthu akuwapatsa njira. Sanayang'ane munthu. Anawerama, anamubereka mwanayo kumsana ngati khanda, timiyendo tikulendewera, n'kutuluka naye.

Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe. Mwanayo anali atamulowetsa m'nyumba.

"Munkadziwa," ndinatero.

"Ndine mayi wake."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndikuuze iwe? Chimene chinagonapo m'kamwa mwako n'chiyani?" Ankalankhula motsitsa kuti mwana asamve. "Mwamuna sanapondemo m'nyumba muno, Mulungu ndi mboni. Maso anamatirira, mtsinje unali wodzaza, ku Mua sindikanafika. Ndinathira mankhwala amene anandipatsa anthu. Atatsegula anali choncho. Ndikanauza ndani, kuti azinena zimene akunena lerozi?"

Ndinangokhala pa mtondo uja.

"Ulemu umene munkautamawo ndinamuphunzitsa ndine," anapitiriza. "Yenda pang'onopang'ono. Gwada patali. Nkhope pansi. Dikira akupatse m'manja. Mtondo, ndowa, mafuwa, chilichonse pakhomo pano chili ndi malo ake, sindisuntha. Ku Limbe akanadya kaye. Pomadzazindikira, akanakhala atanenepa, mwina atamukonda, mwina akanapita naye ku chipatala chachikulu. Ngakhale akanamubweza, akanabwera ali ndi mnofu." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Umati wamalonda ndiwe? Ine ndinali nditamaliza kale. Iwe wabwera kudzakhuthula dengu pamaso pa anthu."

M'mawa mwake ndinabwerera kwa aphunzitsi, chifukwa munthu wa mtundu wanga savomera msanga kuti msika watha. Ndinati mwanayo akhale kutsogolo kwenikweni. Ndinati azilemba zilembo zazikulu ngati dzanja. Ndinatchulanso kampango uja. Aphunzitsi anandilola kulankhula mpaka ndinatopa.

"A usipa, tinapangana kuti awerenge. Bolodi sakuliona. Ndikamulemba, abambo adzamuchotsa tsiku loyamba, anthu akuonanso. Mukufuna zimenezo kachiwiri?" Kenaka anawonjezera, "Azibwera pa katekisimu, azikhala pakhomo. Mutu ali nawo, aposa onsewa. Koma kumulemba ayi."

Akazi awo anandiuza kuti ndipite naye ku chipatala, ndipo ndinapita naye pa njinga, njira yonse ya ku Mua akundigwira malaya kumsana. Asisitere anamuyang'ana mofatsa, anatipatsa mankhwala opaka, n'kundiuza poyera osazungulira. Diso lamanzere linapita. Lamanja tisunge kamene katsalako, ntchentche zisamaterepo. Ndinafunsa ngati palibe china chimene angawonjezere, ngakhale pang'ono. Anati pano si pamsika, bambo.

Achemwali anasiya kupita kuchitsime nthawi imene kumakhala anthu, ankatunga masana dzuwa lili pamutu. Mwanayo anamupereka kwa ine. "Unati chakudya chake chizichokera m'dengu lako. Ndi uyo." Choncho tsiku lililonse la sitima ankakhala pambali pa dengu langa, nkhope ili pansi monga kale, ngakhale panalibenso chobisa. Malonda anandiwonongera ndithu. Ndikangoti kwa wogula, "Wadzana uyu, mayi," iye ankanunkhiza n'kunena mwaulemu wake wonse, "Ayi amalume, uyu ndi wakale uja." Ndinayamba kugula wabwino wokhawokha, osati chifukwa chotembenuka mtima.

Mvula yoyamba inagwa, fumbi la pa siteshoni linasanduka matope, ndipo tsiku la sitima lotsatira a kalaliki ananyamuka. Katundu wawo anadzaza ngolo. Kumbuyo kwa mkazi uja kunkayenda kamtsikana kena ka m'mudzi wa kutsidya, kovala diresi latsopano, khanda lili kumsana. Mwana wa achemwali anamva mawu a mayiwo akulamula onyamula katundu.

"Ndi amene aja, amalume?"

"Ndi amene aja."

"Atenga ndani?"

Ndinamuuza. Anangogwedeza mutu, n'kupitiriza kusanja makhadi ake pamiyendo. Anali atawatenga kukhala ake, ankayenda nawo m'kansalu. Ena anali atayamba kunyenyeka.

Sitima itafika, anthu atathamangira ku mabogi, mwanayo anandikoka malaya.

"Paja munati pa siteshoni pali mawu aakulu. Mundiperekeze."

Kumapeto kwa siteshoni kunali chikwangwani choyera pa nsanamira ziwiri, zilembo zake zakuda, chilichonse chotalika ngati mkono wa munthu. Ndinasiya dengu popanda woyang'anira, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, n'kumutsogolera mpaka pansi pake. Anaima. Kenaka anadzutsa nkhope, yekha, popanda womugwira chibwano, anthu akudutsa. Anapendeketsa mutu kuti kambali kakuda kaja kaloze m'mwamba, n'kuyendetsa mutuwo pang'onopang'ono kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Madzi a mvula ankadontha kuchokera pa chikwangwanicho n'kumugwera pamphumi.

"Awa ndi a Golomoti," anatero.

Kodi anawerenga? Galu aliyense wa pa siteshoni ankadziwa chimene chinalembedwa pamenepo. M'thumba la malaya ndinali ndi khadi latsopano, loyera, lodula ndi sizasi ya telala, losanunkha kanthu, limene ndinalembapo liwu limodzi ndi zilembo zonenepa kuti ndidzamuyese tsiku lina. Dzanja linafika mpaka pa thumbalo. Sitima inalira, mabogi anagundana, n'kuyamba kuyenda kulowera ku Limbe. Khadilo sindinalitulutse, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse.

"Wakhoza," ndinatero. "Wawerenga bwino kwambiri."

Ndinanena ndi mawu omwe aja ndinkagulitsira usipa wa mwezi watha. Iye anagwada m'matopemo, n'kundithokoza.